Kulankhulira Mudzi pa Msonkhano ndi Ntchito Yophunziridwa

Awa ndi mawu amene Mlembi wa Nthambi yathu ya kwa Jenala, amene alinso mphunzitsi, analankhula pa msonkhano wa mamembala. Tawalemba muno kuti amene sanafike awerenge, ndiponso kuti odziwa kuwerenga awerengere anzawo.

 Nkhani imene komiti yatipatsa lero ndi ya kalankhulidwe, ndiye kuti momwe munthu wotumidwa ndi anzake ayenera kuimira pamaso pa anthu ndi kunena mawu omveka, obweretsa yankho.

Ena adzati, "Kodi kulankhula n'kophunzira? Nanga si mwana aliyense amayamba kulankhula akali kumbuyo kwa amake?" Inde, kucheza timadziwa tonse. Pa bawo, pa chitsime, pa maliro usiku, palibe wosowa mawu. Koma munthu yemweyo amene amaseketsa anzake pa bawo, mukamutuma ku msonkhano kuti akanene za mlatho wathu, mawondo amanjenjemera, kukhosi kumauma, ndipo amabwerera kumudzi osanena kanthu. Wina saopa, koma amalankhula mpaka dzuwa kupendeka, anthu osadziwa chimene iye akufuna. Onse awiriwa atitayitsa mlatho, ngakhale kuti mtima wawo unali wabwino.

NJIRA IMENE NKHANI ZATHU ZIMAYENDA

Boma la Phalombe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, litapatulidwa ku Mulanje. Chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, lonena kuti chitukuko chiziyambira kwa eni mudzi. Tsono njira yake ndi iyi. Nkhani imayamba mu komiti ya chitukuko ya kwa Gulupu, imene timaitcha VDC. Ikachoka apo imapita ku ADC, kwa Mfumu Yaikulu, kumene kumakhalanso alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zamaphunziro. Ikapambana kumeneko imafika ku khonsolo, kumene kuli makhansala, aphungu, mafumu ndi Bwanamkubwa. Makomo ndi atatu, ndipo pa khomo lililonse nkhani imalowa ndi pakamwa pa munthu.

Tisaiwale kuti sitili tokha. Kwa Mkhumba, kwa Nazombe, kwa Kaduya, kwa Chiwalo ndi kwa Nkhulambe nakonso kuli milatho yogumuka ndi mijigo yakufa. Ndalama n'zochepa, midzi njambiri. Amene amagawa ndalamazo ndi anthu monga ife. Amatopa, amamva njala, amaiwala. Chimene chimatsala m'mutu mwawo msonkhano ukatha ndicho chimene chinanenedwa momveka.

Dziko lathu lino ndi lachigwa, ndipo madzi otsika m'mapiri amadutsa pakati pathu popita ku nyanja ya Chilwa. Akuluakulu akumbukira napolo wa mwezi wa Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana. Tonse tikumbukira namondwe Idai m'chaka cha 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena ambiri osapezeka konse. Madzi ataphwa, panabwera misonkhano. Kunabwera anthu a boma ndi a mabungwe, mabuku ali m'manja, kudzafunsa: nyumba zagwa zingati, minda yakokoloka maekala angati, ana a sukulu ali kuti? Nthawi ngati imeneyo mudzi umene uli ndi munthu wodziwa kuyankha umalembedwa bwino, ndipo umene ungoti "tavutika kwambiri" umalembedwa mzere umodzi. Ichi ndicho chifukwa tikuti kulankhula ndi ntchito, monga kulima ndi kuwedza, ndipo ntchito iliyonse ili ndi kagwiridwe kake.

AMENE ANATITSOGOLERA

Tulutsani ndalama ya K100 muone nkhope ili pamenepo. Ameneyo ndi James Frederick Sangala, amene m'chaka cha 1943 analemba makalata oitana mabungwe a anthu akuda kuti akhale ndi liwu limodzi. Ndipo mu 1944 kunabadwa Nyasaland African Congress, mtsogoleri wake woyamba ali Levi Mumba. Anthu amenewa analibe mfuti, analibe chuma. Zida zawo zinali kalata yolembedwa bwino ndi mawu okonzedwa bwino.

M'chaka cha 1956 anthu akuda asanu analowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba. Awiri mwa iwo, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anali anyamata osafika zaka 30. M'nyumbamo azungu anali ochuluka, kotero kuti pa mavoti anyamatawa sakanapambana. Koma ankabwera atawerenga, ndipo ankafunsa mafunso olunjika, limodzi limodzi, mpaka akuluakulu a boma la atsamunda ankasowa poyankhira. Buku lolembamo zokambidwa m'nyumbamo, lotchedwa Hansard, anthu anayamba kuligula ndi kuwerengerana m'midzi ndi m'matauni. Taonani kuti chimene chinawapatsa mphamvu sikukuwa ayi, koma kukonzekera.

Onaninso ndalama ya K200. Pali Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pa nthawi imene anthu ankati mkazi salankhula pa bwalo, ndipo anamangidwa m'chaka cha 1959 ali ndi khanda. Mayi aliyense wa nthambi ino amene amati "ine ndine mkazi, anene ndi abambo," ayambe wayang'ana nkhope imeneyo.

Ndipo tisaganize kuti luso limeneli linabwera ndi sukulu. Makolo athu anali nalo. Taonani nkhoswa yodziwa ntchito yake pa mlandu wa banja: imamvetsera mbali zonse, imayamba ndi zimene onse agwirizana, siitukwana, ndipo imamaliza ndi mawu amene onse angathe kuwanyamula. Taonani nduna ya mfumu pa bwalo, momwe imabwerezera mlandu mwachidule kuti aliyense amve mutu wake. Amenewa anaphunzira pokhala pansi zaka zambiri ndi kumvetsera akulu. Chasintha lero n'chakuti bwalo lakula, nthawi yachepa, ndipo omvera amafuna manambala.

TISANAPITE KU MSONKHANO

Ife aphunzitsi, ku sukulu ya uphunzitsi satilola kuima pamaso pa ana tisanalembe dongosolo la phunziro: cholinga chake, poyambira, thunthu lake ndi pomalizira. Ngati munthu amakonzekera chotero polankhula ndi ana a Sitandade 3, nanga kuli bwanji polankhula ndi khonsolo? Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Choyamba, nyamulani nkhani imodzi. Mavuto tili nawo ambiri, ndipo mtima umafuna kuwakhuthula onse. Koma munthu amene wasenza mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi ndi dengu la ufa nthawi imodzi safika nazo. Komiti ikhale pansi, ikangane, isankhe chimene chili patsogolo. Wotumidwayo adzifunse: ngati anthu aiwala zonse, ndi mawu ati amene ndifuna apite nawo kwawo? Akalephera kuwanena mawuwo ndi mpweya umodzi, sanakonzeke.

Chachiwiri, werengani. Mawu akuti "ambiri," "kalekale" ndi "kutali" salembeka m'buku la boma. Anthu angati? Kuyambira mwezi uti? Makilomita angati, kapena kuyenda maola angati? Manambalawa sali kutali. Amfumu ali ndi kaundula wa mudzi. Azaumoyo ali ndi buku la ana ndi la odwala. Ahedi ali ndi chiwerengero cha ana ndi aphunzitsi. Alangizi ali ndi mayina a alimi. Dziwaninso muyezo wa boma, pakuti ndiwo ndodo yanu: mjigo umodzi uyenera kutumikira anthu 250, ndipo mphunzitsi mmodzi ayenera kukhala ndi ana 60. Mukati "kalasi lathu ladzaza," adzakuyankhani kuti makalasi onse ndi odzaza. Mukanena chiwerengero cha ana ndi kuchiika pambali pa 60, ayenera kuchilemba. Koma chenjerani: musawonjezere nambala kuti nkhani ikome. Akakugwirani ndi bodza limodzi, zoona zanu khumi zidzafera pomwepo, ndipo amene adzatumidwe pambuyo panu adzavutika ndi mbiri yanu.

Chachitatu, dziwani gwero la vuto ndi mwini wake. Mukumbukira momwe mtengo wa nandolo unagwera m'chaka cha 2017. Ambiri tinakwiyira mavenda okha. Koma gwero lalikulu linali ku India, dziko limene limagula nandolo wambiri wa kuno. Chaka chimenecho linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo pangano loti lizigula matani 50,000 pa chaka kuchokera ku Malawi linadza mu 2021. Munthu wodziwa zimenezi sataya nthawi kupempha khansala kuti akweze mtengo wa ku India. Amapempha zimene omverawo angathe: kuti sikelo za ogula ziyesedwe ndi a bungwe la Malawi Bureau of Standards, kuti mitengo yoyambira imene unduna wa zaulimi umalengeza imatidwe pa msika, kuti kalabu yathu ithandizidwe kugulitsa pamodzi. Kupempha munthu chinthu chimene chili kunja kwa mphamvu yake ndiko kumupatsa njira yothawira.

KAMANGIDWE KA MAWU

Mawu amamangidwa monga nyumba: maziko, khoma, denga. Maziko ndiwo kunena amene wakutumani ndi nkhani imene mwadzera. Khoma ndilo umboni, mfundo zitatu basi. Denga ndilo pempho: tikufuna chakuti, kwa akuti, pofika tsiku lakuti. Anthu ambiri amamanga khoma lalitali ndi kuiwala denga, ndipo amakhala pansi omvera akufunsana kuti, "Tsono akufuna chiyani?"

Tiyeni tiyerekeze anthu awiri otumidwa ku ADC pa nkhani ya madzi. Manambala amene titchule apa ndi ongoyerekeza. Woyamba aimirira nati: "Zikomo Wapampando. Ife kwathu mavuto ndi osaneneka. Madzi akutivuta, msewu ndi woipa, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, feteleza sitinalandire. Boma latiiwala. Mutiganizireko." Zonse wanenazi n'zoona, ndipo anthu adzamuombera m'manja. Koma mlembi wa msonkhano alemba chiyani? Alemba kuti "anadandaula za mavuto osiyanasiyana," ndipo nkhani yathera pomwepo.

Wachiwiri aimirira nati: "Bambo Wapampando, mafumu ndi nonse, zikomo. Andituma a VDC ya kwathu ndi nkhani imodzi, ya madzi. Midzi yathu 4 ili ndi anthu 900, ndipo mijigo ilipo 2. Umodzi unafa mwezi wa Epulo. Amakaniko anauona nati mapaipi anabooka. Tsono anthu 900 akudalira mjigo umodzi, pamene muyezo wa boma ndi anthu 250. Amayi akudzuka tambala woyamba kukaima pa mzere, ndipo ena abwerera ku madzi a mumtsinje. Buku la azaumoyo likuonetsa ana 17 otsegula m'mimba mwezi wathawu. Ife tasonkha K60,000, ndipo anyamata othandiza ntchito alipo. Tikupempha kuti a zamadzi abwere mwezi uno usanathe adzatiuze mtengo wa mapaipi, ndi kuti nkhaniyi ilembedwe m'maminitsi a lero. Zikomo."

Mawu amenewa safika mphindi ziwiri. Alibe Chingerezi, alibe chipongwe. Anena za amayi pa mzere kuti omvera aone ndi maso a mumtima, anena manambala kuti mlembi alembe, anena zimene mudzi wachita kale kuti pasakhale wonena kuti ndife ongopempha, ndipo atchula nthawi. Aliyense wa m'chipindamo akumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kotero ana 17 aja adzamveka popanda kukuwa.

Pa za moni tinenepo mosamala. Ulemu ndi chuma chathu, ndipo wosapereka ulemu kwa mafumu wadzitsekera khomo yekha. Koma mwambo wotchula munthu aliyense ndi udindo wake, wolankhula aliyense kubwereza mndandanda womwewo, ukudya nthawi ya nkhani. Mukapatsidwa mphindi 5, moni usapitirire theka la mphindi. Chimodzimodzinso miyambi. Mwambi uli ngati mchere: pang'ono ndiwo zikoma, wochuluka ndiwo zitayidwa. Umodzi wokwana pamalo pake ndi wokwanira, ndipo pakakhala alendo osadziwa miyambi yathu, nenani tanthauzo lake poyera.

THUPI NDI LIWU

Imani pamene onse akuonani, mapazi onse pansi, manja kunja kwa matumba, chipewa chovula. Msonkhano ukakhala panja, imani mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu kuti inyamule mawu kupita kwa anthu, ndipo anthu asayang'anane ndi dzuwa. Amayi amene afuna kugwada popereka ulemu agwade, ndi mwambo wabwino; koma akatha ulemuwo aimirire, pakuti mawu onenedwa choyang'ana pansi amathera m'fumbi.

Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti salankhula ndi mwana wa kutsogolo koma wa pa benchi yomalizira. Sankhani munthu wakutali kwambiri, makamaka gogo amene makutu ayamba kulemera, ndipo lankhulani naye. Kukweza mawu sikukuwa ayi. Mpweya uchokere m'mimba, osati pakhosi. Wokuwa ndi khosi amasasa mawu asanafike pakati. Lankhulani pang'onopang'ono koposa momwe mumachezera. Mukatchula nambala kapena pempho, imani kaye, muwerenge mumtima kufika katatu, kuti mawuwo alowe. Kukhala chete kwa kanthawi sikulephera; ndi pamene omvera amameza. Pakakhala chimkuzamawu, chigwireni motalikira pakamwa ngati chikhatho chimodzi, ndipo musachimenye kapena kuchiuzira.

Musawerenge pepala mutu uli pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiponso musaloweze mawu onse monga ndakatulo, pakuti mukaiwala liwu limodzi zonse zimabalalika. Lembani mitu isanu pa kapepala kokwana m'dzanja, pamodzi ndi manambala. Osadziwa kulemba agwiritse ntchito zala: chala chilichonse mfundo yake. Agogo athu ankanyamula uthenga wa mfumu ulendo wa masiku awiri popanda pepala.

MANTHA NDI MKWIYO

Mantha amagwira aliyense, ngakhale abusa ndi aphungu. Mtima kugunda ndi manja kutuluka thukuta si chizindikiro chakuti simungathe. Ndi thupi kudzikonzera ntchito, monga limachitira munthu akafuna kuwoloka mtsinje wodzaza. Mankhwala ake ndi kubwereza. Ku Greece wakale kunali munthu dzina lake Demosthenes, amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe. Mbiri imati anali ndi lilime lolemera ndi liwu lofooka, ndipo ankadziphunzitsa polankhula timiyala tili m'kamwa ndiponso poyesana ndi mkokomo wa nyanja, mpaka anakhala mlankhuli wotchuka wa mzinda wa Athens. Ife timiyala tisiye, koma kumunda kuli malo. Nenani mawu anu mokweza katatu pakati pa mizere ya chimanga, kenaka muwanene pamaso pa a m'banja mwanu, wina atagwira wotchi. Lowezani chiganizo choyamba ndi chomaliza zokha. Musanaimirire pumani mozama katatu. Ndipo musayambe ndi kupepesa kuti "ine sindidziwa kulankhula" kapena "sukulu sindinapite patali." Anthu adzakukhulupirirani, nasiya kumvera.

Mkwiyo ndi woopsa koposa mantha. Zilipo zinthu zopweteka mtima, monga ntchito yosiyidwa pakati kapena mayina osowa pa mndandanda wa olandira thandizo. Koma mukaimirira ndi kuloza munthu chala kuti "ndiwe wakuba," msonkhano umasiya nkhani ya mlatho ndi kuyamba mlandu wa chipongwe, ndipo amene mwamulozayo wapulumuka. Funso lodekha limaluma koposa chitonzo. Funsani kuti: ntchitoyi inapatsidwa ndalama zingati, kuchokera ku thumba liti, kontirakitala ndani, analipidwa zingati, ndipo anayenera kumaliza liti? Mafunso amenewa ndi ufulu wanu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 35, amapereka ufulu wolankhula, ndipo pa ndime 37 ufulu wodziwa zimene boma likusunga. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Ndalama za thumba la CDF, limene linayamba mu 2006, ndi za msonkho wathu, si mphatso ya munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanunso mukafunsidwa funso, mverani mpaka lithe, libwerezeni mwachidule kuti onse alimve, ndipo muyankhe lomwelo. Yankho mukalisowa nenani kuti, "Ndikafunsa kwa amene andituma, ndipo ndidzabweretsa yankho tsiku lakuti." Musalonjeze m'dzina la mudzi chinthu chimene mudzi sunagwirizane.

CHILANKHULO NDI KUMASULIRA

Ambiri amatsekedwa pakamwa ndi Chingerezi. Amaona anthu a mataye akusakaniza mawu achilendo, naganiza kuti nzeru zili m'chilankhulocho. Ndime 26 ya malamulo aakulu imati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha. Lankhulani Chichewa chomveka. Agogo amene mtima wawo umatseguka m'Chilomwe alankhule Chilomwe, wina amasulire. Mlangizi akatchula liwu limene simunalimve, imikani dzanja mufunse tanthauzo lake, pakuti theka la anthu okhala nanu silinamvenso, koma likuchita manyazi. Safunsa anadya phula.

Achinyamata amene mwapita ku sekondale, ntchito yomasulira idzakugwerani alendo akabwera. Ntchito imeneyi si yaing'ono. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kuno pa 6 Julaye 1958, atakhala kunja zaka pafupifupi 40, ankalankhula m'Chingerezi pa misonkhano, ndipo anthu a m'midzi ankamva mawu ake kudzera mwa omasulira monga John Msonthi. Womasulira ndiye mlatho. Pemphani mlendo kuti azinena ziganizo zazifupi ndi kuima. Musawonjezere zanu, musachotse zowawa, ndipo gogo akanena mawu olimba kwa mlendo, muwapereke momwe alili. Kuwafewetsa ndi kumulanda gogoyo pakamwa.

MSONKHANO UKATHA

Ntchito ya wotumidwa siithera pa kuombera m'manja. Asanachoke aone kuti mlembi walemba pempholo, ndipo asiye kapepala ka manambala aja m'manja mwake. Alembe dzina la udindo wa amene walonjeza, ndi tsiku limene watchula. Akafika kumudzi aitane amene anamutuma nawauze zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, osadikira kuti amufunse pa njira. Tsiku lolonjezedwa likadutsa, abwerere akakumbutse, mwaulemu, atanyamula maminitsi. Pakati pa 2005 ndi 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo midzi yambiri inazolowera kusafunsa. Chizolowezi chimenecho tichisiye. Mlandu suola, ndipo lonjezo lolembedwa nalonso siliola.

ZIMENE TIKUPEMPHA NTHAMBI

Munthu saphunzira kupalasa njinga pomvera nkhani ya njinga. Chifukwa chake komiti ikupempha kuti pa msonkhano wathu wa mwezi ndi mwezi tizipatula theka la ola la kuyesera. Anthu atatu azilankhula, aliyense mphindi 3: mayi mmodzi, wachinyamata mmodzi ndi bambo mmodzi. Mutu azipatsidwa mwezi ukadalipo, ndipo ukhale nkhani yeniyeni ya kwathu kuno, monga mjigo, msika wa nandolo ndi mpendadzuwa, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kapena ana osiya sukulu. Msungichuma azigwira wotchi. Akatha kulankhula, tizifunsa anthu awiri a kumbuyo kuti, "Mwamva kuti akupempha chiyani?" Akayankha molondola, wolankhulayo wakhoza. Kenaka tizimuuza chimodzi chimene wachita bwino ndi chimodzi choti akonze. Kuseka munthu woyesera kukhale koletsedwa, pakuti amene mwamuseka lero sadzaimiriranso, ndipo mwina ndiye akanadzatipulumutsa mawa.

Tikatero, pakutha kwa miyezi 12 tidzakhala ndi anthu 36 amene anaimapo pamaso pa anzawo. Sitidzadaliranso munthu mmodzi kapena awiri, amene akadwala kapena akapita ku Joni nkhani zathu zimagona. Mutu umodzi susenza denga. Luso limeneli lidzawathandizanso pa ntchito zawo: mnyamata wokafunsidwa mafunso pofuna ntchito, mayi wofotokoza za ndalama ku banki m'khonde, mlimi wokambirana mtengo ndi wogula, wapampando wa komiti ya sukulu pamaso pa makolo.

Abambo, tikupemphani kuti amayi akaimirira muziwamvera mpaka amalize. Iwo ndiwo amadziwa kutalika kwa njira ya ku mjigo ndi ya ku chipatala. Akuluakulu, lolani achinyamata ayesere pamaso panu mukadali moyo, kuti muwawongole. Ndipo inu achinyamata, khalani pafupi ndi bwalo la amfumu pa tsiku la milandu, mumve momwe akulu amayalira nkhani. Sukulu imeneyo ndi yaulere.

Amene afuna kukhala atatu oyamba apereke mayina awo kwa Mlembi tisanabalalike. Mutu wa mwezi wa mawa ndi madzi akumwa, ndipo tikupempha mafumu kuti awathandize ndi kaundula wa midzi yawo.